Zomba, Lusaka, Dar es Salaam kapena Durban: banja lachinyamata la ku Mchinji likachite masters kuti kopanda chisanu?

Amene anagonapo pa Boma la Mchinji mwezi wa Juni amadziwa kuti chisanu si nkhani ya ku Ulaya kokha. M'mawa madzi a mu ndowa amaluma zala, akabaza amakulunga mpango kumaso, ndipo munthu wa mphumu amayamba kulira m'chifuwa tambala asanalire kachiwiri. N'chifukwa chake m'mabanja ambiri achinyamata, mmodzi akapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri, funso loyamba la mnzake limakhala lakuti kumeneko kumazizira bwanji. Ena amakaniratu Johannesburg, ena Nairobi, ena ngakhale Mzuzu wathu yemweyu.

Funsoli si lopanda pake, makamaka ngati m'nyumbamo muli wa mphumu kapena khanda. Koma silikuyenera kukhala loyamba. Banja likamasamuka chifukwa cha sukulu, wophunzirayo amakhala ndi kalasi, laibulale, supavaiza ndi anzake. Mnzakeyo amangokhala ndi nyumba ndi chikalata chomwe boma la kumeneko lamudindira. Mzinda wabwino ndi umene wosaphunzirayo angakhalemo zaka ziwiri osauma mutu. Nyengo ikuthandizeni kusankha pakati pa mizinda imene yapambana kale mayeso amenewo. Tiyerekeza inayi imene munthu wa ku Mchinji kapena ku Kasungu angafikeko pa basi.

Kutentha kuli pawiri

Mchinji ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Lusaka ali pamwamba pang'ono, cha m'ma 1,280. Tawuni ya Zomba ili cha m'ma 900, pomwe Dar es Salaam ndi Durban ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Indian Ocean. Mukatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo usiku sikuzizira msanga chifukwa nyanja imasunga kutentha kwa masana. Pamenepa ndi pamene pagona kusiyana konse. Kutentha kwa Okutobala kumene tinazolowera kuno n'kouma: ukakhala pansi pa mtengo wa mango umapuma, thukuta limauma lokha, usiku kumaomba kamphepo. Kwa kunyanja yamchere n'kwa chinyontho. Thukuta siliuma, malaya amakakamira kumsana, thaulo losambira m'mawa limafika madzulo lili lonyowa, nsapato zachikopa zimamera chuku mu wodilopu. Ndipo chuku chimenechi chimadzutsa mphumu mofanana ndi chisanu. Wothawa Juni wa ku Mchinji chifukwa cha chifuwa afunse kaye adokotala chimene chimamuyambitsa, kaya ndi mphepo yozizira, fumbi, utsi kapena chinyezi, asanaganize kuti kunyanja akachira.

Lusaka: kufupi ndi kwathu, koma si kotentha

Tiyambe ndi kunena zoona. Lusaka si mzinda wotentha. Juni ndi Julayi usiku kumatsika pansi pa 10°C, ndipo bulangete la ku Kamwendo likagwiranso ntchito yomweyo ku Kalingalinga. Okutobala kumapitirira 30°C, kouma ndi fumbi lake, ngati kwathu. Ngati chofuna chanu ndi kuthawa chisanu basi, Lusaka wagwa kale.

Komabe pa zina zonse, kwa banja la ku Mchinji, Lusaka ndi wovuta kumugonjetsa. Kuchoka pa Boma kukafika ku Chipata ndi ulendo wosakwana ola limodzi mukapanda kuchedwa pa boda ya Mwami, yomwe kuyambira 2022 imagwira ntchito ngati boda imodzi ya mayiko onse awiri. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Mukakwera basi ya m'bandakucha, madzulo mwafika. Kukachitika maliro kumudzi, kapena apongozi akadwala, mumadzuka lero n'kufika lero lomwe. Palibe mzinda wina wakunja umene ungakupatseni zimenezi, ndipo kunena zoona kuchoka ku Mchinji kupita ku Zomba nakonso kumadya tsiku lathunthu.

Chinanso ndi chilankhulo. Chinyanja cha mu Lusaka chasakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, koma mayi wa ku Mkanda akalowa mu Soweto Market amatsitsa mtengo wa tomato tsiku loyamba lomwe. Nsima ndi yomweyo, ufa amaugulitsa m'matumba, woyera amati breakfast, wa mgaiwa amati roller meal. Chakumapeto kwa Ogasiti, Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika kuli panjira yanu yobwerera kumudzi. Zinthu izi zimaoneka zazing'ono mukamalemba mafomu, koma kwa amene amatsala pakhomo masana onse, kukhala ndi neba womvana naye chilankhulo ndi theka la moyo.

University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Kampasi yaikulu ili pa Great East Road pomwepo, kumene kuli zaulimi, zaziweto, zamigodi, zauphunzitsi ndi zina. Zachipatala zili ku Ridgeway, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Digiri yanu ya ku Malawi iyenera kudutsa ku Zambia Qualifications Authority kuti aitsimikize, ndipo pamafunika study permit ya ku Immigration. Masiku amene amakudindirani pa boda ngati mlendo si chilolezo chophunzirira, ndipo ena amapusitsika ndi kufupikaku n'kumangotuluka ndi kulowa mwezi ndi mwezi. Tsiku lina wa pa boda adzafunsa, ndipo lidzakhala tsiku loyandikira mayeso. Mnzanu naye, kaya ndi namwino kaya mphunzitsi, sangagwire ntchito popanda chilolezo chantchito komanso kulembetsa ku bungwe la ntchito yakeyo la ku Zambia.

Zovuta za Lusaka ndi magetsi ndi madzi. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madamu, ndipo chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, m'makomboni ambiri magetsi ankayaka maola ochepa chabe patsiku. Wolemba thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku lomalizira digiri, ayenera kuwerengera kasola kotchajira laputopu. Kolera nayo inavuta kwambiri kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la Heroes Stadium analisandutsa chipatala. Posaka nyumba ku Kalingalinga, Mtendere kapena Ng'ombe, musanafunse za lendi funsani kumene madzi akumwa amachokera ndi kutalikirana kwa chitsime ndi chimbudzi.

Zomba: wosafuna pasipoti

Zomba ndi wofundirapo kuposa Mchinji, koma osati kwambiri. Phiri limakoka mvula yambiri, ndipo Juni ndi Julayi chiperoni chimafika ndi kamvula kake kowaza, zovala osauma pa chingwe masiku awiri. Kutentha kwenikweni kumayamba mukatsikira ku Liwonde kapena kunyanja ya Chilwa. Tinene kuti ndi pakatikati.

Mphamvu ya Zomba ili pa ndalama ndi pa ufulu wa mnzanu. Fizi mumalipira m'makwacha, lendi m'makwacha. Amene anali ndi mwana kunja pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amadziwa tanthauzo la mawu amenewa: ndalama imene inkakwana chaka inasanduka ya miyezi yochepa usiku umodzi, ndipo ku banki madola osapezeka. Ku Zomba mnzanu akhoza kufunsira ntchito, kupempha transfer ngati ali m'boma, kutsegula geni, kapena kubweretsa matumba a mtedza ndi soya a ku Mchinji n'kumagulitsa, popanda womufunsa pepala. Thumba la chimanga la kumudzi limakwera basi n'kufika, osadutsa boda.

Kuyambira 2021, dzina la University of Malawi linatsalira ku Chancellor College ku Chirunga, pomwe Polytechnic inakhala MUBAS ndipo College of Medicine pamodzi ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS. Choncho Zomba ndi wa zachuma, zamalamulo, zauphunzitsi, mbiri, zilankhulo, sayansi ndi zachikhalidwe cha anthu. Wa uinjiniya kapena zamalonda malo ake ndi Blantyre, makilomita osakwana 70 kuchoka pa Zomba. Wa zaulimi ndi Bunda, yomwe nyengo yake ndi ya kwathu ndendende. Kwa wochita kafukufuku wa mbiri kapena chiwerengero cha anthu, Zomba ali ndi chuma chomwe Lilongwe alibe: National Archives, National Statistical Office ndi National Herbarium zonse zili m'tawuni imodzi yoyendeka wapansi, zotsalira za nthawi imene Zomba anali likulu la dziko mpaka 1975.

Pali funso limene ambiri safunsa. Mapulogalamu ambiri a masters m'dziko muno amaphunzitsidwa mwa block release kapena kumapeto kwa sabata: milungu ingapo m'kalasi, kenako kubwerera kuntchito. Ngati yanu ili choncho, kusamutsa banja lonse kungakhale kutaya ndalama. Mmodzi amatha kumapita yekha nthawi ya makalasi, nyumba ndi munda n'kukhala momwe zinaliri. Mukasankha kusamuka, Chikanda ndi pafupi ndi kampasi koma ndi dera la ana asukulu, phokoso lake silifuna banja lokhala ndi khanda. Matawale kapena Chinamwali ndi kwabata koma muwonjezere ya thiransipoti. Ndipo pambuyo pa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, nyumba ya m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje muiyang'ane kawiri, ngakhale lendi itatsika bwanji.

Chodandaulitsa cha masters ya kwathu ndi nthawi. Makalasi amatha bwino, koma thesis imatha kugona pa desiki ya supavaiza amene ali ndi ophunzira ambiri ndi ntchito zina. Musanalipire, funsani ku dipatimenti kuti mwa amene anayamba zaka zitatu zapitazo, angati anavala kale gauni.

Dar es Salaam: kotentha kwenikweni

Ngati mukufuna mzinda umene juzi simudzaivala ngakhale tsiku limodzi, ndi uwu. Disembala mpaka Malichi masana kumafika 31°C kapena 32°C ndi chinyontho chokhathamira, usiku osatsika kwenikweni. Nyengo imene iwo amati yozizira, Juni mpaka Ogasiti, usiku wake umakhala cha m'ma 19°C kapena 20°C. Mvula imagwa kawiri, yochepa chakumapeto kwa chaka ndi yamphamvu Malichi mpaka Meyi, ndipo yamphamvuyo ikagwa, mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani n'kudula msewu wa Morogoro wolowera m'tauni.

Kutentha kumeneku kuli ndi mtengo wake. Fani imazungulira usiku wonse ndipo mayunitsi a magetsi, amene kumeneko amati LUKU, amatha msanga. Ufa wambiri sungasungidwe, anankafumbwe amalowa mwezi usanathe, nsima yotsala usiku m'mawa yasasa. Malungo alipo chaka chonse, ndipo palinso dengue, imene inavuta mumzindawu mu 2019. Udzudzu wake umaluma masana, ndiye kuti neti yokha sikwanira, pamafunika mawindo a sefa ndi kutaya madzi odikha pakhomo. Ngati mayi ali oyembekezera kapena mukuganiza zoyamba banja m'zaka ziwirizo, nkhani imeneyi ikhale patsogolo, ndipo sikelo ayambe msanga.

University of Dar es Salaam, imene anthu amangoti Mlimani, inaima payokha mu 1970, ndipo ili pa kaphiri ku Ubungo komwe kumaombako mphepo. Zachipatala zili ku Muhimbili, zamalo ndi mapulani a mizinda ku Ardhi University pafupi ndi Mlimani. Koma wa zaulimi asamale: yunivesite ya zaulimi ya Sokoine ili ku Morogoro, makilomita pafupifupi 200 kumtunda, ndiye ndi mzinda wina ndi nyengo ina. Digiri yanu iyenera kuvomerezedwa ndi Tanzania Commission for Universities, wophunzira amatenga chilolezo chokhala m'dzikomo ngati wophunzira, mnzake amalembedwa ngati dependant, kutanthauza wodalira wophunzirayo. Makalasi a masters ndi a Chingerezi, koma kunja kwa geti zonse ndi Chiswahili: mu daladala (minibasi za kumeneko), kumsika, kuchipatala, kwa landilodi. Ubwino wake n'chakuti Mchewa amachigwira msanga, mawu ambiri ndi apachibale. Nyama ndi nyama, mvula ndi mvua, ndipo ufa wa mgaiwa mukafunse dona, woyera mukafunse sembe.

Zinthu ziwiri zimagwetsa mabanja ku Dar es Salaam. Choyamba ndi lendi. Eni nyumba ambiri amafuna miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, ndipo dalali, munthu wokupezerani nyumbayo, amatenga ya mwezi umodzi. Ndiye kuti tsiku lolowa m'nyumba mumatulutsa lendi ya miyezi 7, musanagule matiresi. Chachiwiri ndi loto la geni. Aliyense wa ku Kasungu amadziwa wina amene amakaoda katundu ku msika waukulu wa Kariakoo, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti madamu azikachita bizinesi pamene bambo ali m'kalasi. Koma dependant alibe chilolezo chogwira ntchito, ndipo mu Julayi 2025 boma la Tanzania linaletsa anthu akunja kuchita mabizinesi ang'onoang'ono angapo, monga saluni, mashopu ang'onoang'ono ndi kutumiza ndalama pa foni. Kugula katundu n'kutumiza kwa achibale ku Malawi ndi nkhani ina, koma kutsegula okala ku Sinza ayi.

Posankha dera, yang'anani Survey, Changanyikeni, Makongo, Mwenge kapena Sinza, komwe kampasi ili pafupi. Nyumba yotchipa ya kutali imakudyerani maola mu mzere wa magalimoto, pokhapokha ikhale pafupi ndi mabasi a mwendokasi amene anayamba mu 2016 pa msewu wa Morogoro. Ulendo wobwerera kumudzi ndi wautali: Morogoro, Iringa, Mbeya, boda ya Songwe, Karonga, Mzuzu, kenako Kasungu. Masiku awiri. A ku Kasungu amapindulako chifukwa M1 imawatula pakhomo, a ku Mchinji ayenera kuwonjezera msewu wodzera pa Kamwendo.

Durban: nyengo yabwino, mapepala ambiri

Pa nyengo yokha, Durban ndiye wopambana. Dzinja lake, Disembala mpaka Febuluwale, ndi lotentha ndi chinyontho, masana cha m'ma 28°C. Juni ndi Julayi masana kumakhala dzuwa la 22°C kapena 23°C, usiku cha m'ma 11°C, kajuzi kopepuka n'kokwanira. Malungo mumzindamo mulibe. Amene amaopa South Africa chifukwa cha chisanu cha Johannesburg adziwe kuti Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndi dziko lina.

Koma onetsetsani kampasi yalembedwa pa kalata yanu. University of KwaZulu-Natal inapangidwa mu 2004 pophatikiza mayunivesite awiri, ndipo makampasi ake ndi omwazika. Howard College, Westville ndi sukulu ya madokotala ya Nelson R. Mandela zili mu Durban. Zauphunzitsi zili ku Edgewood cha ku Pinetown. Zaulimi zili ku Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 80 kumtunda, komwe masana a dzinja amawotcha koma usiku wa Julayi umazizira kuposa wa ku Mchinji. Wa zambewu amene walonjeza akazi ake nyanja ndi kutentha akhoza kukapezeka akugula hita. Kwa wa zaumoyo, makamaka kafukufuku wa HIV ndi TB, Durban ndi malo apamwamba zedi mu Africa muno, kuli mabungwe a kafukufuku wa matendawa ngati CAPRISA ndi AHRI pafupi ndi sukulu ya madokotala.

Tsopano mapepala, ndipo apa tikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amataya chaka. Choyamba ndi SAQA, bungwe limene limayesa digiri yakunja n'kuiika pa mlingo wa ku South Africa. Masters ya kumeneko imafuna mlingo 8, womwe ndi wa Honours, digiri ya chaka chimodzi yowonjezera pa digiri yoyamba. Digiri ya zaka zinayi ya ku Malawi ikhoza kuikidwa pa mlingo 7, ndipo zikatero amakuuzani kuti muyambe mwachita Honours chaka chimodzi. Zaka ziwiri zasanduka zitatu, bajeti yonse yasokonekera. Choncho SAQA muyambe nayo miyezi yambiri musanafunsire malo, ndipo yunivesite yanu yakale ikhale yokonzeka kuyankha akaifunsa, chifukwa pempho limaima pomwepo ngati registrar sakuyankha kalata.

Chachiwiri ndi study visa. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani masiku 30 ngati mlendo, koma simungalowe choncho n'kukasinthira komweko. Visa imafunsidwa muli kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo pamafunika kalata ya yunivesite, police clearance, lipoti la dokotala, umboni wa ndalama ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko. Inshuwalansi ya kuno saivomera. Medical aid imeneyi kawirikawiri imalipidwa ya chaka chonse pakamodzi, ndipo kuwonjezerapo mnzanu ndi ndalama ina. Wophunzira amaloledwa kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata. Mnzake amalandira visa yoperekeza, imene simulola kugwira ntchito. Namwino kapena mphunzitsi amene anazolowera malipiro ake mwezi ndi mwezi amakakhala m'kafulati ku Glenwood kapena ku Umbilo zaka ziwiri akudikira kuti wina abwere ku laibulale. Mabanja ena amathetsa vutoli mwanzeru: onse awiri amafunsira sukulu, wina masters wina dipuloma kapena Honours, aliyense n'kukhala ndi visa yake ndi maola ake 20.

Pa fizi pali mpumulo. Pansi pa mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro wa 1997, ophunzira a m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko m'mayunivesite a boma a ku South Africa, kuwonjezerapo levy, ndalama yapadera ya ophunzira akunja. Koma mayunivesite ambiri amafuna kuti wakunja alipire yonse kapena gawo lalikulu asanalembetse. Onkhetsani tsono za mwezi woyamba: fizi, levy, medical aid ya anthu awiri, dipoziti ya nyumba, lendi ya mwezi woyamba, zonse m'marandi. Popanda sikolashipu kapena supavaiza wokhala ndi ndalama za pulojekiti, banja la malipiro a makwacha silingakwanitse. Canon Collins Trust, Beit Trust ndi Mandela Rhodes Foundation zimalandira Amalawi, koma onani ngati yunivesite yanu ili pa mndandanda wawo, ndipo dziwani kuti ndalama ya sikolashipu nthawi zambiri amaiwerengera munthu mmodzi.

Sitingabise za chitetezo. Umbava ulipo, foni saiyankhira pamsewu paliponse, ndipo dera lokhala mumasankha mofunsa ophunzira akale osati pa zithunzi za pa intaneti. Mu 2015 anthu akunja anachitiridwa nkhanza ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mu Julayi 2021 kunali zipolowe ndi kuthyola mashopu, ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawochi. Moyo wa pa kampasi ndi wosiyana ndi wa m'makomboni, komabe makolo anu adzafunsa ndipo ali ndi chifukwa. Kubwera kumudzi pa basi ndi masiku awiri kukafika ku Johannesburg kudzera Tete ndi Beitbridge, kuwonjezerapo makilomita pafupifupi 570 a msewu wa N3. Maliro ambiri mudzawamvera pa foni.

Tingotchulako Kampala, kwa amene angakwanitse ndege. Ali pamtunda ngati Mchinji koma pafupi ndi equator, ndiye alibe Juni wozizira kapena chithukuthuku cha kunyanja. Makerere ndi yakale, ya 1922, ndipo bungwe la RUFORUM lothandiza ophunzira zaulimi lili komweko. Polowa amafuna khadi la katemera wa yellow fever.

Pepala limene ankhoswe sangalowe m'malo mwake

Kulikonse kunja, mnzanu amalembedwa ngati mkazi kapena mwamuna wanu pokhapokha pali satifiketi ya ukwati. Chinkhoswe, ngakhale chinachitika bwino bwanji, nkhuku inaperekedwa, ankhoswe a mbali zonse alipo, wa Immigration ku Dar es Salaam kapena ku Pretoria sachiwerenga popanda pepala. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chikhalidwe, koma muyenera kuulembetsa, ndipo poyambira ndi ofesi ya DC. Onetsetsani kuti mayina alembedwa mofanana pa satifiketi, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pa digiri. Chilembo chimodzi chosiyana, kapena dzina la bambo pena la mfunda pena, chimabweza fomu. Ngati pali mwana, pafunika satifiketi yake yobadwira ndi pasipoti yakeyake. Police clearance imafuna zidindo za zala ndipo imatuluka ku likulu la polisi ku Area 30, koma ili ndi nthawi yothera, choncho musaitenge msanga kwambiri kalata ya sukulu isanabwere. Wogwira ntchito m'boma atenge tchuthi cha maphunziro cholembedwa asananyamuke, ndipo awerenge bwino za bond, pangano loti adzabwerera kuntchitoyo akamaliza sukulu. Mnzake woperekeza naye apemphe tchuthi chosalipidwa mwalamulo, asangosowa pantchito.

Kalendala nayo muiike pafupi ndi ya kumunda. Ndalama za banja la ku Mchinji zimaoneka Meyi mpaka Julayi, soya, mtedza ndi fodya zikagulitsidwa. Chaka cha sukulu ku South Africa chimayamba mu Febuluwale, mwezi umene ndalama zonse zili m'munda ndipo achibale akupempha chimanga. Ku Tanzania chimayamba cha mu Okutobala kapena Novembala, nthawi yolimbirana ndi feteleza. Ndiye ndalama ya ulendo ipatulidwe pa zokolola, isanakhudzidwe ndi aliyense, ndipo wosamalira munda agwirizanidwe pamaso pa akuluakulu, kuti mukadzabwera pasadzakhale mlandu wa malire.

Nanga tisankhe uti?

Ngati mukudzilipirira nokha ndipo mnzanu ali pantchito, Zomba kapena Blantyre, ndipo mwina osasamuka n'komwe. Kusiyana kwa nyengo ndi kochepa, koma simukhala ndi ngongole ya madola. Ngati pulogalamu yanu kuno kulibe, makolo ndi okalamba, kapena mnzanu Chingerezi sachimasuka nacho, Lusaka, ndipo bulangete munyamule. Dar es Salaam ndi wa banja lopanda khanda, lokonda kuphunzira chilankhulo, lokhala ndi lendi ya miyezi 7 m'manja, ndipo wofuna kutenthayo akayambe wapitako mu Febuluwale sabata imodzi aone ngati agona tulo. Durban ndi wa amene ali ndi sikolashipu yokwanira, kalata ya SAQA yonena mlingo 8, ndi dongosolo lenileni la chimene mnzake azichita kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Musanalipire ndalama iliyonse, lemberani ofesi ya ophunzira akunja ya yunivesiteyo mafunso anayi, ndipo yankho likhale lolembedwa: makalasi anga ali pa kampasi iti, wa ku Malawi amalipira fizi ya SADC kapena ya madola, ndi gawo lanji lofunika ndisanalembetse, ndipo kodi pali nyumba za ophunzira apabanja. Funso lomalizali yankho lake nthawi zambiri ndi ayi, chifukwa mahositelo ndi a munthu mmodzimmodzi. Zikatero wophunzirayo atsogole yekha milungu itatu kapena inayi, akagone ku hositelo kapena kwa Amalawi anzake, apeze nyumba ataiona ndi maso, atsegule pampopi, ayang'ane makoma ngati alibe chuku ndi mzere wa madzi osefukira, kenako aitane mnzake ndi katundu.